Tsiku limene pulinta inakana kutulutsa pulogalamu ya maliro

Ndili ndi kashopu kotaipa ndi kupulinta ku Chinamwali, ku Zomba. Muli makompyuta awiri ndi pulinta imodzi ya tona, imene inalumikizidwa ndi waya ku rauta, kabokosi kogawa netiweki, kuti makompyuta onsewo aziigwiritsa ntchito. Ntchito zanga ndi zodziwika: makalata ofunsira ntchito, ma CV, makadi a ukwati, ndi mapepala a ophunzira a ku yunivesite amene amabwera nthawi itawathera kale.

Loweruka lina m'mawa, ndisanamalize n'kusesa komwe, panafika bambo wina wachikulire atavala jekete lakuda. Anatulutsa fulashi m'thumba la malaya.

"Mayi, ndili pa zovuta. Mchemwali wanga watisiya dzana. Mwana wake walemba pulogalamu usiku, ndiye ndikufuna makope 60. Galimoto inyamuka ku mochale 10 koloko kupita ku Mayaka."

"Pepani kwambiri bambo. Khalani pa mpandopo, sizichedwa."

Nthawi inali itangopitirira pang'ono 8 koloko. Ndinatsegula fayilo, ndinakonza chithunzi cha malemuwo chimene chinali chitapendekeka, ndinadina Print. Pulinta inali zii. Ndinadinanso. Zii. Ndiye ndinachita chimene pafupifupi aliyense amachita, chimenenso ndikukupemphani kuti musachite: ndinangopitiriza kudina, ngati munthu wogogoda pa khomo la nyumba imene eni ake anasamuka. Nditatopa ndinali nditatumiza pulogalamu yomweyo kasanu ndi kawiri, ndipo ulendo uliwonse ndinkapempha makope 60. Rimu imodzi imakhala ndi mapepala 500. Pulintayo ikanadzuka nthawi imeneyo, ikanadya pafupifupi rimu yonse.

Apa m'pamene ndinakumbuka kutsegula mzere wa ntchito zodikira kupulintidwa. Pa Windows 10, imene tinali nayo, mumalowa mu Settings, kenako Devices, kenako Printers & scanners, mumadina dzina la pulinta yanu n'kusankha Open queue. Pa Windows 11 njira yake imadzera pa Bluetooth & devices. Nthawi zina pamakhala kachithunzi ka pulinta pansi pa sikirini, pafupi ndi wotchi, ndipo kudina kameneko n'kwachidule.

Mu mzerewo munali ntchito zisanu ndi zitatu. Zisanu ndi ziwiri zinali zanga zija. Koma pamwamba penipeni panali fayilo ina imene ndinali nditaiiwala: PDF ya wophunzira wina, ya masamba ambiri, yodzaza ndi zithunzi ndi matebulo. Dzulo lake madzulo magetsi anazima ntchito imeneyo ili pakati, ine n'kungotseka shopu kumapita kunyumba. Pambali pa dzina lake panalembedwa kuti Error - Printing.

Mlamu wanga, amene amakonza makompyuta m'tauni, anadzandifotokozera nkhani ya mzerewu ndi fanizo la kuchigayo, ndipo mpaka lero ndi mmene ndimaimvera. Mukadina Print, fayilo sipita ku pulinta nthawi yomweyo. Mu Windows muli kantchito kotchedwa Print Spooler, kamene kali ngati mnyamata wolandira matumba kuchigayo. Amalandira thumba lanu, amaliika pa mzere, ndipo amapereka ku makina limodzilimodzi, loyamba kufika loyamba kugayidwa. Ngati m'thumba la munthu woyamba munali mwala umene watsamwitsa makina, enanu nonse mudikira, chimanga chanu chikhale chopeta bwino chotani. Ndipo kubweretsa matumba ena sikuchotsa mwalawo.

Ndinaganiza kuti n'zosavuta. Ndinadina batani lakumanja la mausi pa PDF ija n'kusankha Cancel. Mawu anasintha n'kukhala Deleting. Ndinadikira mphindi imodzi, ziwiri, zisanu. Deleting yemweyo. Ndinayesa Cancel All Documents. Zanga zija zinachoka, koma iyo inakakamira pamwamba pomwepo. Ndinazimitsa kompyuta n'kuyatsanso, ndipo itayaka ndinaipeza ili pompo. Bambo aja sanalankhule kanthu, ankangoyang'ana wotchi ya pa mkono. Kukhala chete kwawoko kunandiwawa kuposa akanandikalipira.

Safunsa anadya phula. Ndinaimbira mlamu wanga.

"Alamu, ndagwira njakata. Pali maliro, pulinta yakana."

"Ikulemba chiyani pa mzere?"

"Deleting. Yakhala ikulemba zomwezo kuyambira kale."

"Musaope alamu, imeneyo ndi ya masiku onse. Choyamba zimitsani pulintayo, muzulenso waya wa magetsi kukhoma. Mwazula? Tsopano pa kiyibodi dinani batani la Windows pamodzi ndi chilembo R."

Zimene anandiuza ndizilemba mwatsatanetsatane, chifukwa ndi zimene zandipulumutsa kambirimbiri kuchokera tsiku limenelo. Mukadina mabatani awiriwo pamatuluka kabokosi kakang'ono. Mmenemo mulembe services.msc n'kudina Enter. Patuluka mndandanda wautali wa mayina, otsatana mwa alifabeti. Tsikani mpaka pa Print Spooler, dinani batani lakumanja la mausi, sankhani Stop. Windo limenelo musalitseke. Tsegulani File Explorer n'kupita ku foda iyi: C:\Windows\System32\spool\PRINTERS. Kompyuta ikhoza kufunsa chilolezo, ndiye mudine Continue. Ngati akaunti imene mwalowera si ya administrator, ikukanizani, ndipo mufunika mwini wake wa pasiwedi. M'fodamo mupeza timafayilo tokhala ndi manambala, tina tothera ndi .SPL, tina tothera ndi .SHD. Ta SPL ndi katundu weniweni wopita ku pulinta, pamene ta SHD timasunga za katunduyo: mwini wake, pulinta imene akupita ndi zina zotero. Fufutani tonse.

Apa mlamu wanga anakweza mawu pa foni. "Zam'katimo zokha alamu! Foda ya PRINTERS yeniyeniyo musaikhudze, ndipo musafufute china chilichonse mu System32." Ndikubwereza chenjezo lakelo kwa inu, chifukwa manja akamanjenjemera ndi changu amafufuta zosayenera.

Mukatero mubwerere ku windo lija, dinaninso Print Spooler n'kusankha Start. Kenako yatsani pulinta. Chifukwa chimene Cancel ankakanira n'chakuti Spooler anali atagwira fayilo yowonongekayo osaisiya, ndipo Windows silola kufufuta fayilo imene ili m'manja mwa pulogalamu ina. Mukamuimitsa, amaitaya. Kuzula pulinta kukhoma nakonso kuli ndi ntchito yake: pulinta ili ndi kamemori kake, ndipo chidutswa cha ntchito yakale chikhoza kutsalira mmenemo n'kudzatuluka ngati masamba a zilembo zosamveka, mzere umodzi pa pepala lililonse. Amene anazolowera Command Prompt, windo lakuda lolembamo malamulo a kompyuta, amangolemba net stop spooler, kufufuta timafayilo tija, n'kulemba net start spooler. Ndi chinthu chimodzi chomwecho.

Mzere unayera. Ndinapumira m'mwamba, ndinadina Print kamodzi kokha. Ntchito inalowa mu mzere n'kukhala pompo. Pamwamba pa windo, pambali pa dzina la pulinta, panali mawu ena atsopano: Offline.

Komatu pulinta inali yoyaka, kanyali kobiriwira kali ngwee, mapepala ali m'thireyi. Nthawi inali 9 koloko itapitirira.

"Dinani pa mawu oti Printer pamwamba pa windolo," anatero mlamu wanga. "Pali kachizindikiro pa Pause Printing kapena pa Use Printer Offline?"

Panalibe. Koma inu muziyamba mwayang'ana pamenepo, chifukwa munthu akhoza kudina mwangozi, ndipo mankhwala ake n'kungodinanso kuti kachizindikiroko kachoke.

"Ndiye vuto lili pa njira, si pa makina. Limenelo ndidzaliona masana. Panopa mthandizeni munthu wa malirowo. Muli ndi kebo ya USB ya pulinta, ija mutu wake umodzi uli wa makona anayi?"

Inali mu dirowa, pansi pa mastepula. Ndinakokera kompyuta pafupi, ndinalumikiza. Windows inaganiza kanthawi, kenako pa mndandanda panaoneka pulinta yachiwiri, dzina lomwelo koma kumapeto kwake kuli mawu oti Copy 1. Ndinasankha imeneyo. Phokoso la pulinta ikukoka pepala sindinalikondepo ngati tsiku limenelo. Makope 60 anatuluka otentha, tinawapinda pakati ine ndi bambo aja, ndipo ndalama ya makope khumi ndinawauza kuti chikhale chipepeso changa. Anachoka kutatsala mphindi 20 kuti 10 koloko ikwane.

Mlamu wanga anafika cha m'ma 2 koloko. Chinthu choyamba chimene anachita chinandidabwitsa: kompyuta sanaikhudze n'komwe. Anapita pa pulinta, anadina mabatani ake, n'kuiuza kuti itulutse tsamba la malipoti ake a netiweki. Dzina la tsambali limasiyana malinga ndi mtundu wa pulinta, koma kawirikawiri limapezeka pa Reports kapena pa Network. Tsambalo linatuluka bwinobwino.

"Mwaona alamu? Ikatha kupulinta tsamba lakelake, ndiye kuti tona, mapepala ndi makina zili bwino. Musamalipire munthu kuti atsegule pulinta musanayese zimenezi."

Pa tsambalo panali nambala ya IP ya pulintayo: 192.168.1.107. Kenako anapita pa kompyuta, pa pulinta yoyamba ija, analowa mu Printer properties, pa Ports, n'kudina Configure Port. Pamenepo panalembedwa 192.168.1.102.

Nkhani yonse inali pamenepo. Chipangizo chilichonse chimene chili pa netiweki chimakhala ndi nambala yake, ngati nambala ya nyumba, ndipo amagawa manambalawo ndi rauta. Koma sapereka kuti ikhale yanu mpaka kale, amangobwereketsa. Magetsi akazima, marauta ena ang'onoang'ono ngati yathuyi amaiwala kuti nambala iti inali ya ndani. Magetsi akabwera, amagawanso kwa amene wayamba kupempha. M'mawa umenewo mafoni a anyamata a barbershop yoyandikana nafe, amene ndinawapatsa pasiwedi ya Wi-Fi mwa chifundo changa, anali atalowa kale ine ndisanayatse pulinta. Nambala 102 inatengedwa ndi foni ya wina. Kompyuta inkagogoda pa 102, osayankhidwa ndi pulinta, n'kulemba kuti Offline. Mawu amenewa, ndinaphunzira tsiku limenelo, satanthauza kuti pulinta yazima. Amangotanthauza kuti kompyuta siikuipeza pamene ikuifunafuna.

Anasintha nambalayo kukhala 107 n'kudina OK. Kuti atsimikize, anatsegula Command Prompt n'kulemba ping 192.168.1.107. Panabwera mizere yoyamba ndi mawu oti Reply from 192.168.1.107, yosonyeza kuti pulinta yayankha ndipo njira yatseguka. Kukanabwera Request timed out kapena Destination host unreachable, akanayamba kuyang'ana waya ndi rauta. Kenako anadina Print Test Page, tsamba linatuluka. Anandiuzanso kuti makompyuta ena salola Configure Port chifukwa pulinta inalowetsedwa kudzera pa poti ya mtundu wina, yotchedwa WSD. Zikatero mumadina Add Port, kusankha Standard TCP/IP Port, n'kulemba nambalayo mwatsopano.

Kuti zisadzachitikenso, analowa mu rauta n'kuisungira pulintayo nambala yakeyake, yoti isaperekedwe kwa wina ngakhale magetsi azime kangati. Zimathekanso kulemba nambala yokhazikika pa pulinta penipenipo. Ngati muli ndi pulinta ya pa netiweki kumalo kumene magetsi amazimazima, chitani zimenezi tsiku lomwe mwaigula. Ndi ntchito ya mphindi zochepa, ndipo ine ikanandipulumutsa ku theka la mavuto a m'mawa uja.

Chimene chinandichititsa manyazi chinabwera pambuyo pake. Mlamu wanga anapita pa kompyuta yachiwiri kukakonza nambala yomweyo. Atangodina OK, pulinta inayamba kulavula mapepala. Tonse tinali titaiwala kuti kompyuta iliyonse ili ndi mzere wakewake. M'mawa uja, ine ndili kalikiliki ndi za maliro, mtsikana amene amandithandiza anali atayesa kupulinta za makasitomala atatu pa kompyuta imeneyo, zinakana, anthuwo n'kupita kwina. Ntchito zawo zinatsala mu mzere, zikudikira. Imodzi inali kalata ya mayi wina yokhudza nkhani ya m'banja mwake imene inali kukhoti. Inatuluka makope anayi, pa kauntala pali anyamata awiri akudikira ma CV awo, ndipo mmodzi anali atatambasula kale dzanja poganiza kuti ndi zake. Ndinachita kumulanda. Zomba ndi tauni yaing'ono. Munthu akawerenga dzina pa pepala lotero, madzulo nkhani yafika kale ku Matawale. Mapepalawo ndinawang'amba tizidutswatizidutswa. Kuyambira pamenepo, kasitomala akachoka ntchito yake isanatuluke, timaifufuta mu mzere iye asanafike pa msewu, ndipo tisanakonze vuto lililonse timayamba tatsegula mzere wa makompyuta onse awiri.

Lolemba zinavutanso, koma mwa mtundu wina. Ndinadina Print mu Word, palibe chinatuluka. Ndinatsegula mzere, munalibe kanthu, pulinta sinali Offline. Ndinazunguzika kwa mphindi zingapo mpaka ndinayang'anitsitsa dzina la pulinta pa windo la Print. Linali la Copy 1 lija. Kebo ya USB tinali titaizula n'kuibweza mu dirowa, koma Windows inali itaisandutsa pulinta imeneyo kukhala yoyamba kusankhidwa, chifukwa pali kabokosi mu Printers & scanners kolembedwa kuti Let Windows manage my default printer, kamene kamachititsa kuti pulinta imene mwaigwiritsa ntchito posachedwa ikhale yosankhidwa. Ntchito zanga zinali mu mzere wa Copy 1, ine ndikuyang'ana mzere wina. Ndinachotsa kachizindikiro pa kabokosiko, ndinafufuta ntchito zodikira, ndinaichotsa Copy 1 pa mndandanda, n'kusankha ndekha pulinta yeniyeni ndi Set as default. Mukapeza kompyuta ya mu ofesi ili ndi Copy 1, Copy 2, Copy 3, dziwani kuti kebo yakhala ikusinthidwa mabowo, ndipo mwa onsewo mwina wamoyo ndi mmodzi.

Pali vuto lina limene limandipeza pafupifupi sabata iliyonse, ndipo silifuna mlamu. Mzere umalemba kuti Printing, kapena umanena kuti mapepala atha pamene thireyi ndi yodzaza, ndipo pa pulinta kanyali kachikasu kamaphethira. Mukawerenga kasikirini ka pulintayo mupeza kakupempha pepala la Letter. Kuno timagwiritsa ntchito A4, ya mamilimita 210 m'lifupi ndi 297 m'litali. Letter ndi ya ku America ndi ku Canada, yotambalala pang'ono koma yaifupi, mamilimita 216 ndi 279. Makompyuta ambiri amabwera Word yake itakhazikitsidwa pa Letter, ndipo mafomu ambiri otengedwa pa intaneti ndi a saizi imeneyo. Pulinta imaona kuti chimene yapemphedwa ndi chimene chili m'thireyi sizikugwirizana, ndiye imaima kudikira munthu, onse a pambuyo n'kuima nawo. Pa pulinta yathu kudina OK kumaiuza kuti ipitirize ndi pepala lomwe lilipo. Koma chabwino n'kusinthiratu mu Word, pa Layout kenako Size, kusankha A4 musanatumize, n'kuonanso ngati masamba sanasokonekere; wophunzira amene anakonza mndandanda wa mitu ndi manambala a masamba pa Letter adzalira akaona kuti mitu yasuntha. Pa PDF, sankhani Fit pa windo la Print.

Offline anabweranso kamodzi patapita miyezi, nambala ya IP ili yolondola, ping ikuyankha. Ulendo umenewo mlamu wanga anangondiuza pa foni kuti ndilowe mu Configure Port momwe muja, ndichotse kachizindikiro pa SNMP Status Enabled. Kabokosi kameneko kamachititsa kompyuta kumafunsa pulinta za thanzi lake, ndipo yankho likapanda kubwera mmene ikufunira, imaiyesa yozima ngakhale ili bwino. Nditachotsa, Offline anachoka nthawi yomweyo. Kuipa kwake n'kwakuti kompyuta ikhoza kusiya kukuuzani zina, monga kuti mapepala atha, ndiye mumadalira kanyali ka pa pulinta. Kwa ine pulinta ili pafupi ndi chigongono changa, si vuto.

Ena amati zonsezi n'zotaya nthawi, ungozimitsa n'kuyatsa basi. Nthawi zina zimathekadi, ndipo nanenso ndimayamba ndi zomwezo. Koma timafayilo ta mu foda ya PRINTERS timasungidwa pa disiki, sitifufutika kompyuta ikazima, ndipo nambala ya IP yolakwika siikonzeka ndi kuyatsanso. M'mawa wa maliro uja ndinazimitsa n'kuyatsa kawiri, ndipo ulendo uliwonse kompyuta yathu yokalambayo inkadya mphindi zisanu za bambo aja.

Tsopano pakhoma, pamwamba pa pulinta, ndinamata pepala ndi selotepi. Palembedwa nambala ya IP, mawu oti services.msc, njira ya ku foda ija, ndi mzere umodzi wa zilembo zazikulu wolembera mtsikana wanga uja: ukadina kamodzi osatuluka, tsegula mzere. Anyamata a barbershop pasiwedi ndinawasinthira, koma anabwera kudzadandaula ndipo ndinawapatsanso, poti nambala ya pulinta sangaitengenso.

Bambo a maliro aja anadzabweranso patatha chaka, ali ndi fulashi yomwe ija, kudzapulinta pulogalamu ya mwambo wovundukula chiliza. Asanakhale pansi analoza pulinta ndi ndodo yawo.

"Lero yadzuka bwino iyi, mayi?"

"Yadzuka bambo. Makope angati?"

"40. Koma ndabwera Lachinayi dala, mwambo ndi Loweruka."